Zipangizo Zimene Odete Anasankha

Odete anali atawerama pa meza ya kumbuyo, akuchotsa fumbi m'makina osindikizira a ku eskola ya sekundariya, pamene anamva mawu a Leonel pakhomo pa loja, kasitolo kokonzera zamagetsi. Sanadzutse mutu. Mawuwo anali omwe aja, okweza pang'ono, a munthu wofuna kuti ndi odutsa mumsewu omwe adziwe kuti wafika.

Lojayo inali ya a Sebastião, mkulu amene anayamba kukonza mawailesi ku Ulongwe makompyuta asanafike m'deralo. Anthu onse ankawatchula kuti a Mestre. Tsopano maso awo anali atachita ng'ala, moti tizitsulo ting'onoting'ono sankationanso. Ankakhala kutsogolo pa mpando wawo, kulandira anthu ndi kukambirana nawo, ndipo ntchito ya manja inali ya Odete, amene anamuphunzitsa okha atangomaliza eskola.

Leonel anapereka moni wautali, kenako n'kufotokoza kuti wabwerako ku Tete ndipo akukhala ndi mkazi wake Lucrécia kuseri kwa msika. Ankafuna kuyambiranso ntchito yojambula maukwati, koma kompyuta yake ya m'manja inali itagwa pa shapa, minibasi yonyamula anthu, n'kusweka. Nyengo ya maukwati inali pafupi, pakuti anthu anali atayamba kugulitsa nyemba ndi kachewere.

"Ndikufuna yapameza, a Mestre. Yolimba, yothamanga, koma yotsika mtengo. Zokongoletsa sindikuzifuna."

A Sebastião anaseka n'kumuuza kuti aliyense wolowa pakhomopo amafuna zitatu zomwezo. Anakambirana nthawi yaitali, Leonel akutsitsa, mkuluyo akukana, mpaka anagwirizana kuti zipangizo zambiri zikhale zogwiritsidwapo kale ntchito. Potuluka, Leonel anasuzumira kumbuyo n'kumuona Odete.

"Ndi Odete uyu? Ukadali pano?"

Anafunsa akumwetulira, ngati akufunsa za mbuzi imene anaisiya itamangidwa pamtengo. Odete anayankha kuti inde, akadali pompano, ndipo anapitiriza kupukuta.

Zaka zingapo kumbuyoko, awiriwa ankagwira ntchito limodzi. Leonel ankajambula ndi kamera yobwereka, Odete n'kumalumikiza zithunzizo pa kompyuta imene anamanga yekha, chipangizo chimodzi mwezi uno, china mwezi wamawa. Maina awo anali atalengezedwa kale m'tchalitchi ku Lifidzi, kwawo kwa Odete, ndipo amayi ake anali atasoketsa kale nsalu ya tsiku la ukwatiwo. Tsiku lina Leonel ananyamula kompyutayo n'kukwera nayo shapa, akunena kuti ku Tete kwapezeka ntchito yaikulu ya sabata imodzi. Sanabwerenso. Nkhani inafika ndi oyendetsa magalimoto kuti wakwatira mwana wa munthu wa malole kumeneko. Ku Lifidzi, akazi ankasiya kulankhula Odete akafika pa mpope.

Chaka chotsatira amayi ake anamwalira. M'kompyuta ija munali zithunzi zawo zonse, ndi mavidiyo awo akutsogolera kwaya, akulakwitsa nyimbo n'kuseka. Odete anaumitsa mtima n'kumuimbira Leonel kamodzi, kupempha zimenezo basi. Leonel anayankha kuti kompyutayo anaigulitsa kalekale, ndipo asanaigulitse anafufuta zonse, chifukwa wogula sakanalandira chinthu chodzaza ndi zinyalala. Mawu akuti zinyalala amenewo Odete anakhala nawo.

A Sebastião ankaidziwa nkhani yonseyi. Leonel atangochoka, anatembenuzira mpando wawo kumbuyo.

"Mwana wanga, ngati mtima wako sukufuna, ndimubweza. Sitifa ndi njala chifukwa cha iye."

"Ntchito ndi ntchito, a Mestre," anatero Odete. "Ndipita ndekha kumalire ku Kalomwe kukagula zipangizo."

Anapita Loweruka m'mawa, nkhungu idakali pamapiri. Pa shapa anapanikizana ndi azimayi a madengu a tomato. Ku Kalomwe anadutsa pakati pa osintha ndalama ndi anthu a njinga zonyamula matumba, n'kulowa kanjira ka kuseri kwa mabaraka, timasitolo ta pamsika, kumene Arcanjo ankagulitsira. Arcanjo anali munthu wamfupi, wolankhula kwambiri, amene ankagula makompyuta otayidwa m'maofesi a ku Lilongwe n'kuwawolotsa malire. M'chipinda chake munali milu ya mabokosi a chitsulo, ena otsegula, ena akadali ndi manambala a maofesi amene anachokako.

Poyamba Odete anaganiza zongotola zowola zonse. Koma ataima pakati pa miluyo anaona kuti zimenezo n'zachibwana. Kompyuta yofa sabata yoyamba Leonel akanangoibweza, a Mestre n'kuikonza, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye ankafuna ina. Ankafuna yoti Leonel aikonde, aziitama kwa anzake, aikhulupirire mpaka kuikamo chilichonse chimene ali nacho.

Choncho anasankha mosamala kuposa mmene ankasankhira aliyense. Anatenga plaka, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, n'kuliyang'ana pakuwala kwa pakhomo kuti aone ngati timigolo take tating'ono sitinatupe. Awiri anawakana. Lachitatu linali loyera ngati silinagwirepo ntchito. Purosesa, ubongo wa kompyuta, anasankha yakale koma yamphamvu, yoti mavidiyo asamakakamire. Memoriya anatenga timapale tiwiri tofanana, ndipo anamuuza Arcanjo kuti atiyese pamaso pake. Bokosi anatenga lakuda, lokanda mbali imodzi yokha, ndi chokupizira mphepo chimene sichinkalira. Arcanjo ankangogwedeza mutu, akunena kuti mwini wa kompyuta imeneyi ndi wamwayi.

Zinatsala ziwiri. Choyamba chinali fonte, kabokosi kolandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zipangizo zina. Arcanjo anamupatsa yotuwa, yochokera mu ofesi, yolemera ngati njerwa. Odete anaiika pansi n'kuloza ina pa shelufu, yatsopano, ya m'katoni ya mitundumitundu, yolembedwa manambala akuluakulu. Ataitenga m'manja inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu.

"Imeneyo ndimagulitsa kwa anthu osadziwa, mana Odete, mlongo wanga," anatero Arcanjo motsitsa mawu. "Magetsi a ku Ulongwe mmene amadumphira muja, siichedwa. Ndipo ikamafa siifa yokha."

Odete anayankha kuti mwini wake akufuna zotsika mtengo, ndiponso amakonda zonyezimira.

Chachiwiri chinali disko, chosungiramo zonse. Anayesa zingapo, akuziika pakhutu imodzi imodzi zikuzungulira. Zambiri zinkangolira mosalala. Imodzi, yaikulu kuposa zonse, inkalira bwino, kenako n'kugogoda kamodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu wagunda chikho ndi chikhadabo. Anaiyesanso, ndipo patapita kanthawi inagogodanso. Pa kompyuta ya Arcanjo panatuluka chenjezo lachikasu. Arcanjo anatambasula dzanja kuti aiponye m'katoni ya zotaya, koma Odete sanaisiye. Anati ali nayo ntchito ina ku loja. Arcanjo anamuyang'ana, n'kuyang'ana fonte ija. Anangokulunga zonse m'manyuzipepala.

Pobwerera, Odete anakhala pafupi ndi zenera, katoni ili pamiyendo. Mtima wake unali phee, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anamva njala yeniyeni. Atatsika anagula chimanga chowotcha n'kudyera pamsewu pomwepo.

Kompyutayo anaimanga masiku awiri. Anapaka mafuta atsopano oziziritsa pa purosesa, anamanga mawaya bwinobwino kuti mphepo iziyenda, anapukuta bokosi mpaka kukanda kuja kunasiya kuoneka. A Sebastião ankamva kulira kwa chokupizira ali pampando wawo, n'kunena kuti khutu lawo lakhutira. Chenjezo la disko Odete analizimitsa kuti lisamaoneke.

Leonel anabwera kudzaitenga ndi mkazi wake. Lucrécia anali mkazi wamtali, wofatsa, amene anapereka moni kwa Odete ndi manja awiri, ndipo zinkaoneka kuti sakudziwa chilichonse. Leonel anaikamo vidiyo yaitali kuti ayese, ndipo itayenda mosakakamira anaomba m'manja n'kuuza a Mestre kuti ukalamba sunawathe nzeru.

Unali mwambo wa lojayo kuchenjeza wogula aliyense, ndipo Odete anachita zimenezo a Sebastião akumva. Analankhula mosakweza mawu, akumuyang'ana Leonel m'maso.

"Mugule disko yachiwiri, kuti chilichonse chizikhala pawiri. Mugulenso kabokosi koteteza magetsi akadumpha."

Ankadziwa bwino kuti Leonel sangachite chinthu chimene wauzidwa ndi iye, makamaka pamaso pa mkazi wake. Leonel anaseka, n'kunena kuti Odete sanasinthe, mpaka pano amafunabe kulamulira matumba a anthu. Ananyamula bokosilo n'kutuluka.

Kenako kunabwera kudikira, ndipo kunali kowawa kuposa mmene Odete ankaganizira. Kompyutayo inkagwira ntchito. Leonel anajambula ukwati wina ku Domwe, wina m'tauni momwemo, ndipo anthu ankayamikira. Anagula jekete lachikopa. Ankadutsa pa loja pa njinga yamoto, kamera ili pakhosi, n'kuimba belu. Magetsi akaphethira masana, Odete ankaima ndi chomasulira m'manja, kumvetsera ngati kubwera munthu akuthamanga, koma sikunkabwera aliyense. Anayamba kudzida yekha. Ankaganiza kuti mwina wangomumangira mdani wake kompyuta yabwino kuposa zonse zimene anamangapo, ndipo maganizo amenewo ankamulepheretsa kudya. Tsiku lina anakalipira mphunzitsi wina amene anangofunsa za inki, mpaka a Sebastião anamufunsa ngati akudwala.

Chisanu chitafika pachimake, kunachitika ukwati umene dera lonse linkaukamba. A Inocêncio, amene malole awo ankanyamula kachewere kupita ku Tete ndi ku Beira, ankakwatitsa mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Rufina. Ukwatiwo unali ku Lifidzi. Anapha ng'ombe, kunabwera alendo ochokera ku Dedza ndi ku Moatize, ndipo wojambula anali Leonel. Odete sanapiteko, ngakhale kuti kunali kwawo. Anangomva kwa achibale kuti Leonel anali paliponse, akukankha azimayi kuti amupatse malo, akuuza ngakhale a padiri poti aime.

Patapita masiku angapo, kunawomba mphepo yamphamvu masana, ndipo magetsi ankazima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka. Odete anazimitsa zonse za mu loja n'kukhala pansi. Dzuwa lisanapendeke, njinga yamoto inaima pakhomo, ndipo Leonel analowa atakumbatira bokosi lakuda lija ngati mwana wodwala. Anali thukuta lokhalokha m'chisanu chimenecho.

Analankhula mothamanga, akuuza a Sebastião kuti anali pakati polumikiza vidiyo ya a Inocêncio pamene china chake chinaphulika kumbuyo kwa bokosi, n'kutuluka utsi. A Sebastião anamuuza kuti apite nayo kwa Odete. Leonel anazengereza pang'ono, kenako anaiika pa meza ya kumbuyo.

Odete anamasula bokosilo mosafulumira. Fungo la pulasitiki yopsa linadzaza chipinda. Fonte inali yakuda mbali imodzi, ndipo pa plaka panali banga ngati la ndudu. Anachotsa disko n'kuilumikiza ku kompyuta ya mu loja. Inayesa kuzungulira, inagogoda kangapo motsatizana, n'kukhala chete. Anayesanso kachiwiri kuti Leonel amve bwino.

"Makadi a mu kamera muli nawo?"

Leonel anati anawafufuta, chifukwa mawa lake la ukwatiwo anali ndi ubatizo woti ajambule.

"Disko yachiwiri ija munagula?"

Leonel anapukusa mutu. Anagwira m'mphepete mwa meza ndi manja onse awiri.

"Odete, chonde. Iwe umadziwa zinthu izi. A Inocêncio andipha. Yesa njira ina."

Odete anamuyang'ana. Jekete lachikopa lija linkaoneka lalikulu kuposa mwini wake. Odete anafunika kuluma tsaya kuti nkhope yake isaulule chisangalalo chake.

"Zinthu zikafufutika zimafufutika," anatero. "Inu mumazidziwa zimenezi."

Leonel anamuyang'ana nthawi yaitali. Kaya anamva tanthauzo lake kapena ayi, Odete sanadziwe. Anatuluka osanyamula bokosi.

Zotsatira zake zinamveka msika wonse. A Inocêncio anapita okha kunyumba ya Leonel ndi oyendetsa malole awo awiri, anamutukwana pamaso pa anthu oyandikana nawo, n'kulanda kamera. Mabanja amene anali atamuitana kale ku maukwati awo anatumiza mawu kuti asabwere. M'disko momwemo munalinso mavidiyo a anthu ena amene anali asanalandire, ndipo nawonso ankabwera kudzagogoda. Lucrécia anasiya kupita kumsika. Nkhani iliyonse ikafika, Odete ankaimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsanso kuti kenako zinatani.

Koma Leonel sanagwe yekha. Anayendayenda m'mabaraka akuuza aliyense kuti a Mestre akalamba, sakuonanso, ndipo akugulitsa zinyalala za ku Kalomwe ngati zinthu zabwino. Anthu ena anamukhulupirira. A ku sekundariya anatenga makina awo n'kupita nawo kwa munthu wina. Panali masiku amene pakhomo pa loja sipankalowa munthu, ndipo a Sebastião ankangokhala pampando, chipewa chili pabondo, akumvetsera mapazi odutsa.

Tsiku lina m'mawa kunalowa mtsikana wovala juzi lofiira, n'kudzitchula kuti ndi Rufina. Sanabwere ndi ukali. Anakhala pa benchi n'kufotokoza kuti mwamuna wake wabwerera kale kuntchito ku Moatize, ndipo agogo a mwamunayo, amene sakanatha kuyenda ulendo wautali, akudikira vidiyoyo tsiku ndi tsiku. Iyenso mwini wake tsikulo sanalione bwino. Ankangokokedwa uku ndi uku, ndipo ankadalira kuti adzalionera pambuyo pake, atakhala pansi. Anafunsa ngati pangapulumuke ngakhale kachidutswa.

Odete sanathe kumuyang'ana kumaso. Analonjeza kuti ayesa, ndipo nthawi ino anayesadi. Anafunafuna disko ina yofanana nayo, anasintha kabolodi kake kakang'ono, anailumikiza m'njira zonse zimene ankadziwa. Inkangogogoda. Rufina atabweranso, Odete anamuuza zoona, kuti palibe chimene chatsala. Mtsikanayo anathokoza, anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, n'kupita.

Masana a tsiku lomwelo, a Sebastião anamuitana.

"Undipatse fonte yopsa ija."

Odete anaitenga pansi pa meza n'kuwapatsa. Mkuluyo anaiika pa chikhatho, n'kuikweza ndi kuitsitsa. Anaigogoda ndi chala. Kenako anaiika pabondo.

"Kwa Arcanjo kunalibe ina?"

"Inalipo."

"Nanga disko?"

"Inkagogoda ndisanaigule."

A Sebastião anaika fonteyo pansi. Kunja kunadutsa lole, ndipo magalasi a pa zenera ananjenjemera. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika. Anati zimene Leonel anamuchitira ankazidziwa, ndipo Odete akanabwera kudzawauza kuti akufuna kumulanga, mwina akanamuthandiza kupeza njira. Akanamutsekera Leonel chitseko pamaso, akanauza anthu onse a m'tauni chimene iye ali. Koma Odete anatenga dzina la loja, limene iwo analisamala kuyambira nthawi ya mawailesi, n'kulisandutsa mpeni, osawafunsa mwini wake.

"Ukumva chisoni?" anafunsa.

"Chifukwa cha inu, inde. Ndi mtsikana uja. Chifukwa cha Leonel, ayi. Atabweranso mawa ndingachitenso."

Mkuluyo anagwedeza mutu ngati yankho limenelo ankaliyembekezera. Anati sangakhale ndi munthu amene maso awo sangathe kumuona ndipo mtima wawo sungathenso kumukhulupirira. Anamuuza kuti amalize ntchito zimene zili pa meza, kenako asiye kiyi. Odete sanatsutse. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti amulole kugwiritsa ntchito kompyuta ya mu loja mpaka mwezi utatha. Atamufunsa chifukwa chake n'kumva yankho, analola.

Loweruka lotsatira anakwera shapa kupita ku Lifidzi. Pa ukwati uja pafupifupi aliyense anali ndi foni m'manja, ndipo Odete anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Anayambira kwa azimayi a kwaya, ena mwa iwo omwe aja amene ankasiya kulankhula iye akafika pa mpope. Anamulandira modabwa, koma atamva kuti n'za Rufina anatulutsa mafoni awo m'mipango. Anapita kwa oyendetsa malole, kwa aphunzitsi, kwa azakhali a mkwati amene anajambula nthawi yaitali chala chili pa diso la foni. A ku Dedza ndi a ku Moatize anamutumizira zawo. Zina zinali zogwedera, zina zopendekeka, zina zongoonetsa misana ya anthu ndi fumbi la ovina. Anazisanja zonse motsata mmene tsikulo linayendera, kuyambira pamene mkwatibwi ankatuluka m'nyumba mpaka pamene mphatso zinkaperekedwa, ndipo pamene chithunzi chinali choipa koma mawu ali abwino, ankaikapo zithunzi zoima.

Panali mbali imodzi imene sinapezeke kwa aliyense. M'tchalitchi, a padiri anali atapempha kuti mafoni onse abisidwe, atsale wojambula yekha. Malumbiro a awiriwo, ndi kuvekana mphete, zinali m'disko ija basi.

Anakaonetsa vidiyoyo kunyumba kwa a Inocêncio Lamlungu masana. Pabalaza panadzaza anthu, ena ataima m'mazenera. Ankaseka akadziona, ankaitanana maina, ndipo a Inocêncio, amene poyamba anakhala atapinda manja, anapempha kuti mbali imene iwo ankavina ibwerezedwe. Kumapeto kunatuluka maina a onse amene anapereka mafoni awo, ndipo pansi pake dzina la Odete, m'zilembo zazikulu. Sanaliike mwangozi. Ankadziwa kuti vidiyoyo idzayenda m'mafoni mpaka ikafike kwa Leonel.

Rufina anamuperekeza mpaka pamsewu. Anamugwira dzanja n'kumuthokoza kwambiri, n'kunena kuti agogo aja tsopano aona. Kenako anawonjezera, mosadandaula, kuti ankangofuna atamvanso mmene mwamuna wake anayankhira m'tchalitchi muja, chifukwa mawu ake ananjenjemera koma mwamunayo amakana zimenezo. Odete anati pepani. Rufina anaseka n'kunena kuti si mlandu wake. Odete anatsegula pakamwa, koma shapa inali itaima kale ndipo wothandiza woyendetsa ankamenya chitseko. Anakwera.

Mwezi utatha anasiya kiyi pa meza ya a Sebastião. Anapeza malo pakhonde la loja ya nsalu pafupi ndi msika, n'kuikapo kameza kokonzerapo mafoni. Ntchito inali yochepa, ndipo mphepo ya pakhondepo inkamuumitsa zala. Mabanja awiri anamufunsa ngati angawalumikizire mavidiyo a m'mafoni monga anachitira kwa Rufina, koma analibe kompyuta, ndipo anawauza kuti adikire.

Za Leonel anamva kwa woyendetsa lole wina amene anabweretsa foni yosweka galasi. Anati Leonel anabwerera ku Tete, ndipo apongozi ake anamupatsa ntchito yoyang'anira okweza matumba, padzuwa la kumeneko. Anati wachepa thupi ndipo salankhulanso mokweza. Odete anafunsa ngati jekete lija akadali nalo, ndipo atamva kuti analigulitsa, anamwetulira ali chowerama pa foniyo. Anadzifufuza mumtima kuti aone ngati muli kachisoni, koma sanakapeze.

Njira yake yopita kumsika inkadutsa pa loja ya a Mestre. Mkuluyo sanalembe munthu wina. Ankalandira mawailesi okha, amene manja awo ankawadziwa popanda maso, ndipo masiku ena chitseko chinkakhala chotseka. Chikakhala chotsegula, Odete ankaima pakhomo n'kupereka moni.

"Mwadzuka bwanji, a Mestre?"

"Ndadzuka bwino, kaya iwe, Odete."

"Ndadzuka bwino."

Ankadikira pang'ono, chikwama cha zida chili paphewa, ngati angawonjezere mawu ena. Mkuluyo ankangopitiriza kupapasa wailesi imene inali pamiyendo pawo, ndipo Odete ankapitiriza ulendo wake wa kumsika.